Odwala Amene Ankati Kulibe

Dzuwa linali litapendeka pang'ono, ndipo onse atatu anali pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba. A Damiano ankasoka matumba ndi singano yaikulu, akazi awo a Fagness ankapeta mpunga, ndipo mwana wawo Triza ankatola timiyala mu mpunga wopetedwawo n'kumaponya pansi. Nkhuku zinkathamangira timiyalato n'kubwerera zokhumudwa. Mpungawo unali wodzadya pa chinkhoswe cha Triza, chomwe chinali chitatsala milungu itatu.

"Ukasiyamo kamwala kamodzi, kadzapezana ndi a Chakufwa," anatero a Damiano. "Mano awo atsala anayi okha. Tidzalipira mbuzi."

"Asanu, Ababa. Ndinawerenga," anayankha Triza, onse n'kuseka.

A Chakufwa anali amalume a Rodrick, mnyamata wa ku Mtakataka yemwe ankafuna kukwatira Triza. Rodrick ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa Golomoti.

Anali a Fagness amene anayamba kuona munthu akubwera m'kanjira ka kudimba, akukankha njinga yakapalasa. Atayandikira anazindikira kuti ndi a Idah, ndipo lichero linaima m'manja mwawo. A Idah sankayenda pa njinga yakapalasa. Komanso silinali tsiku lawo.

A Idah anali namwino wa matenda a maganizo. Atapuma ntchito kuchipatala chachikulu, anatsegula kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika wa Golomoti. Ndalama za mankhwala ndi mafuta a njinga yamoto zinkachokera ku boma mwezi ndi mwezi, kudzera ku ofesi ina ya mumzinda, ndipo odwala sankalipira kalikonse. Triza anali atayenda kumeneko zaka zinayi: jakisoni kamodzi pamwezi, ndi piritsi limodzi madzulo alionse.

Anawayalira mphasa, kuwapatsa madzi, n'kulonjerana bwinobwino mpaka kufunsana za mpunga wa chaka chino. Kenako a Idah anatulutsa kalata m'chikwama.

"Sindinabwere ndi zabwino, mayi a Triza. Ndalama zija aimitsa."

"Aimitsa bwanji?"

"Akuti anthu khumi ndi mmodzi a m'buku langa kulibe. Akuti ndinangolemba mayina kuti ndizidyerapo."

"Anthu ake ati?" anafunsa Triza.

"Sananene, mwana wanga. Ndipo ine sanandifunse ngakhale funso limodzi. Ndikumva kuti mwezi watha anatuma anthu m'midzi kukafufuza, ine osadziwa. Kalatayi yangofika Lolemba. Mawa m'mawa akubwera kudzatenga mabuku ndi kudzakhoma kabati ya mankhwala."

A Fagness anayang'ana amuna awo. A Damiano anali atazyolika, akulowetsa singano pamalo pomwe anali atasoka kale.

Tsiku limene ofufuzawo anafika pakhomo pawo a Fagness ankalikumbukira bwino. Linali tsiku lomwe a Chakufwa anabwera kudzagwirizana za tsiku la chinkhoswe. Anali atakhala pampando wabwino wa alendo, kapu ya thobwa ili m'manja, Triza atamutuma kwa azakhali ake monga zimakhalira akuluakulu akamakamba za mwana wamkazi. Galimoto yoyera inaima pamsewu, n'kutsikamo bambo wonyamula mapepala. Analonjera mwaulemu, koma funso lake anafunsa mokweza, pabwalo pomwepo: "Kodi pakhomo pano pali Triza Damiano, amene amalandira mankhwala a misala pa Golomoti?"

A Chakufwa anatsitsa kapu pang'onopang'ono.

"Triza alipo, ndi mwana wanga," anayankha a Damiano. "Koma za misalazo ayi. Sanadwalepo, ndipo kumeneko sanapondeko. Mwina mwasokoneza ndi wina."

Bamboyo analemba, n'kuwapatsa cholembera kuti asaine. Anasaina. Galimoto itapita, a Chakufwa anapukusa mutu n'kunena kuti anthu a m'maofesi amangoyendayenda kutha mafuta, ndipo nkhani ya chinkhoswe inapitirira. Makolowo sanamuuze Triza. Ankaona ngati zathera pomwepo.

"Ndiye palibe koti mukadandaule?" Triza anafunsa a Idah.

"Pangano lomwe tinasainirana limati asanandilange ayambe andiitana, andiuze mlandu wanga, ine ndiyankhe. Ndalemba kalata yowakumbutsa zimenezo, koma sanayankhe. Komanso atandiitana ndikanena chiyani? Ndikaimike odwala anga pamzere kuti awawerenge ngati mbuzi? Ndinalumbira kuti za wodwala sizidzatuluka pakamwa panga. Amene akufuna kudziwika adziulule yekha. Ine sindingamukoke."

Anapisanso m'chikwama n'kutulutsa kapepala ka mapiritsi.

"Awa ndi a masiku khumi. Jakisoni wako ndi wa Lachisanu la sabata yamawa, koma akakhoma kabati sindidzakhala nacho chokubaya. Muzikakwera mapiri a Khwekhwerere mpaka kuchipatala cha ku boma mwezi uliwonse. Ndikudziwa kuti ndi kutali ndipo galimoto yakwera mtengo. Koma chonde, musadumphitse. Mayi a Triza, mukundimva? Musadumphitse ngakhale mwezi umodzi."

"Ndamva," anatero a Fagness.

A Idah anatsanzika, ponena kuti pali makomo ena asanu oti afikeko dzuwa lisanalowe. A Damiano, omwe nthawi zonse ankawaperekeza mpaka pamsewu, sanadzuke.

Triza anayang'ana amayi ake, n'kuyang'ana abambo ake.

"Chavuta n'chiyani? Nonse mwangoti zii ngati pali maliro."

"Bambo a Triza, muuzeni," anatero a Fagness.

"Ndimuuze chiyani?"

"Mukapanda kunena inu, ndinena ine."

Ananena ndi a Fagness, kuyambira pa galimoto yoyera mpaka pa cholembera. Triza anamvetsera osadula mawu. Atamaliza, anakhala kanthawi akupukusa njere ya mpunga pakati pa zala.

"Ndiye kuti ine ndine mmodzi mwa anthu amene kulibewo."

"Ukanafuna ndinene chiyani?" a Damiano anakweza mawu. "A Chakufwa ali apo, makutu ali tcheru! Ndikanati eya, bwenzi lero tikupeta mpunga wa chiyani? Ndinachitira iwe."

"Ndikudziwa, Ababa."

"Ndipo si ine ndekha. Enawo khumi ukuganiza kuti anakaniranji? Ndani angavomere zotere pabwalo, ana akumva, oyandikana nawo akusuzumira pampanda?"

"Koma amene akutchedwa wakuba ndi a Idah."

A Damiano anaponya thumba pansi. "Ndinasaina, iwe. Dzina langa lili papepala la boma. Ndikakanena kuti ndinanama, ukudziwa komwe amapita anthu onamiza boma?"

A Fagness anatenga lichero kuti apitirize kupeta, koma manja anakana. M'maso mwawo munabwera chaka chija Triza ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anatha masiku asanu ndi limodzi osagona, akuyankhula ndi anthu omwe wina aliyense sankawaona. Ankati madzi a mu ngalande ya ku Bwanje akumuitana ndi dzina. M'mawa wina anamupeza ataima mu ngalandemo, madzi akulekeza m'chifuwa, akuseka. Anamumanga ndi chitenje ku mwendo wa bedi, ndipo amene anamanga mfundoyo anali a Fagness eni ake, mwana akuwapempha kuti Amayi mundimasule, ndikhala bwino. Kwa anthu a m'mudzi ananena kuti ndi malungo aakulu. Ena anakhulupirira, ena anangokhala chete mwaulemu. Ndi a Idah amene anabwera, n'kumasula chitenjecho, n'kukhala pansi pambali pa Triza mpaka madzulo.

Tsopano a Fagness ankaopa mbali zonse ziwiri. Triza akakaonekera pa kanyumba kaja mawa, pomwe pali pafupi ndi poimikira a kabaza, nkhani ikafika ku Mtakataka dzuwa lisanafike pamutu. Akapanda kupita, kabati ikhomedwa, ndipo iwo ankadziwa mmene zinthu zimayendera pakhomo pawo: mwezi woyamba adzakwera Khwekhwerere, wachiwiri adzakwera, wachitatu mvula idzagwa, mbewu idzafunika, ndipo adzati tipita sabata yamawa.

"Mwina tingodikira chinkhoswe chidutse," anatero motsitsa. "Milungu itatu yokha. Kenako tikanene."

"Akukhoma mawa, Amayi. Ndipo mapiritsiwa ndi a masiku khumi."

Triza anatenga foni yake n'kupita kuseri kwa khola la mbuzi. Anayankhula mwachidule. Atabwerako anati Rodrick abwera m'mawa kudzamutenga, kenako anakatunga madzi ngati tsiku lina lililonse. A Damiano sanadye bwino madzulo amenewo, ndipo a Fagness tulo sanatione.

Kutacha, Triza anavala diresi lake la kutchalitchi n'kuika kabuku kake ka kuchipatala m'chikwama. Kabukuko kankasungidwa pansi pa zovala m'sutikesi, mokulunga m'pepala la pulasitiki. A Fagness anamanga chitenje chatsopano osanena kuti nawo akupita. A Damiano anali atakhala pakhonde, akuyang'ana kumapiri.

Rodrick anafika akuliza hutala. Ataona kuti apongozi ake a mawa nawo akukwera, anavula chipewa, n'kupukuta mpando kawiri konse ndi mkono wa jekete.

"Amayi, mukanandiuza ndikanatsuka njingayi."

"Ingoyendetsa bwino, mwana wanga. Mafupa angawa ndi akale."

Triza anakhala pakati, a Fagness kumbuyo atagwira chitsulo. Anadutsa minda ya mpunga yomweta kale, momwe ng'ombe zinkadya mapesi. Mphepo inkadula mawu, koma a Fagness ankamva.

"Tikutsikira pamsika?" anafunsa Rodrick.

"Ayi. Kuseri, kwa a Idah."

"Kwa a misala kuja? Wadwala ndani?"

"Ine."

Rodrick anaseka. "Iwe ndiye wayamba kale kundipengetsa ine."

"Sindikuseka, Rodrick. Ndinadwala zaka zinayi zapitazo. Ndimamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo mwezi uliwonse amandibaya jakisoni. Ndikasiya, matendawo akhoza kubwerera. Ndimafuna ndikuuze kale, koma ndinkaopa."

Njinga inagwedezeka pang'ono pamchenga, kenako inawongoka. A Fagness ankangoona kumbuyo kwa khosi la Rodrick, ndipo khosilo silinawauze kanthu. Anayenda choncho mpaka kukafika pa tala, kudutsa ma minibasi oitanira a ku Salima ndi a ku Balaka, n'kukhotera kuseri kwa msika.

Galimoto yoyera inali itafika kale. Atatsika, Rodrick anayang'ana galimotoyo, n'kuyang'ana Triza, pakamwa pakuyenda ngati akufuna kunena kanthu. Mayi wina wonyamula dengu la tomato anakuwa kuti, "Kabaza!" Rodrick anatembenuza njinga n'kupita.

"Tiyeni, Amayi," anatero Triza.

M'katimo munali anthu awiri a ku ofesi ija. Mmodzi anali bambo yemwe anabwera kumudzi uja, dzina lake a Zakariya, akulongedza mabuku m'katoni. Wina anali mayi wovala magalasi, a Ethel, amene ankaoneka kuti ndiye wamkulu. Loko watsopano anali patebulo. A Idah anali ataima pakona atapinda manja, ndipo ataona Triza anatukula nsidze.

"Lero sitikuona odwala, mwana wanga."

"Sindinabwere kwa inu, a nesi. Ndabwera kwa alendowa." Triza anatembenukira kwa iwo. "Dzina langa ndine Triza Damiano. Ndili m'buku limenelo. Akuti kulibe, ndiye ndabwera kuti mundione."

"Chemwali, ife tangotumidwa kudzatenga katundu," anatero a Zakariya. "Zomva milandu si zathu."

"Nanga ndi za ndani?"

"Za akuluakulu, kulikulu."

"Akuluakuluwo anamva za inu. Za a Idah sanamve, za inenso sanamve." Triza anamasula pulasitiki n'kuika kabuku patebulo, pambali pa loko. "Muli masiku onse amene ndinabayidwa. Werengani."

A Ethel anatenga kabukuko n'kuyamba kutsegula masamba. A Fagness ankaganiza kuti mwina aitana apolisi, mwina anena kuti kabukuko n'kabodza, mwina afunsa Triza mafunso mpaka asokonezeke pamaso pa anthu.

"A Zakariya, dzina ili lili pa mndandanda wathu?"

A Zakariya anayang'ana pa mapepala awo. "Lilipo. Nambala seveni. Koma bambo ake enieni anakana, ndipo anasaina. Siginecha yake iyi."

"Ndi yanga imeneyo."

Onse anatembenuka. A Damiano anali pakhomo, thukuta lili kamukamu, buluku atalimanga ndi mphira kumiyendo chifukwa cha tcheni cha njinga. Analowa n'kuvula chipewa.

"Ndinanama, bwana. Ngati n'kumanga, mangani ine. Koma munandifunsa pabwalo, mokweza, pamaso pa mlendo amene anabwera kudzakamba za ukwati wa mwanayu."

A Ethel anavula magalasi n'kuyang'ana mnzawoyo. "Munkafunsa bwanji?"

"Monga mmene zalembedwera pa fomu."

"Pabwalo?"

"Pomwe ndawapeza anthu. Makomo anali ambiri, tsiku limodzi."

"Mawu akuti misala munkawatchula?"

A Zakariya anakanda kumutu. "Kuti anthu amve msanga."

"Mukanayamba mwandifunsa ine," anatero a Idah mofatsa, "ndikanakuuzani kuti kuno ngakhale ine sindifika pakhomo nditavala yunifolomu. Ena ndimakumana nawo kudimba. Wina amatuma mlongo wake kudzatenga mankhwala m'thumba la mchere."

A Ethel anatenga foni n'kutuluka panja. Anayankhula nthawi yaitali, akuyendayenda pafupi ndi galimoto. M'katimo palibe amene anakhala pansi. A Damiano ankapotokola chipewa. A Fagness anagwira dzanja la Triza ndipo analipeza lozizira ngati la munthu wochapa m'mawa wa mu Juni.

Atabwerera, a Ethel anakhala pampando n'kutulutsa pepala loyera.

"Ndalama sindingazitsegule ine, ndipo zikhala zoimitsidwa mpaka nkhaniyi imvedwe. Koma a Idah, muitanidwa pasanathe milungu iwiri, mwa kalata, ndipo mayina khumi ndi limodziwo mupatsidwa mu envulopu yomata kuti mukonzekere kuyankha. Makomo enawo ndikafikako ndekha, mwakachetechete, inu mutandiuza kafikidwe kake. Mabuku titenga. Kabati sitikhoma." Anatembenukira kwa a Damiano. "Bambo, palibe akukumangani. Mungonena zimene mwanenazi pang'onopang'ono, ine ndilembe, musainenso."

A Damiano anakhala pansi n'kuyamba kunena.

"Mankhwala ali m'kabatimo angafike mwezi umodzi," anatero a Idah.

"Ndalemba zimenezonso," anayankha a Ethel. Za pambuyo pa mweziwo palibe amene ananenapo.

Pamene ankatuluka, a Idah anabweza kabuku kwa Triza n'kumugwira paphewa. "Lachisanu lija, m'mawa. Usachedwe."

Panja dzuwa linali litakwera. A Fagness anaponya maso poimikira a kabaza. Panali njinga zisanu ndi imodzi, ndipo anyamata awiri anasiya kucheza n'kuwayang'ana. Ya Rodrick panalibe. Triza nayenso anayang'ana kamodzi, kenako anati kunyumba sopo watha.

A Damiano anatsogola ndi njinga yawo, ponena kuti mbuzi sanazimasule. Amayi ndi mwana analowa mumsika. Anagula sopo, anyezi ndi kamulu ka usipa, ndipo Triza anakangana ndi wogulitsa usipayo mpaka anamuonjezera pang'ono. A Fagness ankamuyang'ana m'mbali, kufuna kuona ngati alira. Sanalire.

Anali atayamba kuyenda wapansi m'mbali mwa tala pamene njinga yamoto inawapitirira n'kuima patsogolo. Rodrick sanavule chipewa ulendo uno, ndipo sanaseke.

"Mayi uja amapita ku Mua," anatero. "Ndiye pobwerera ndimaganiza."

"Waganiza chiyani?" anafunsa Triza.

"Sindinamalize." Anayang'ana pansi, akukanda tala ndi nsapato. "Zinandipweteka kuti ndamvera pa njinga. Komanso pali zambiri zimene sindikuzidziwa. Ukadwala umatani, ine ndizitani, za ana zimakhala bwanji. A nesiwo angandifotokozere?"

"Ndikubweranso Lachisanu. Ukhoza kuwafunsa wekha."

"Nanga amalume? Akamvera kwa anyamata a pasitejipa zikhala zoipa. Ndipita madzulo ano ndikawauze ndekha. Chomwe akanene sindikudziwa."

"Chabwino."

Lole ya makala inadutsa n'kuwathira fumbi.

"Kwerani, Amayi," anatero Rodrick. "Dzuwali si loyenda wapansi."

Triza anakwera pakati. A Fagness anakwera kumbuyo, n'kuika jumbo la usipa pamiyendo kuti lisaphwanyike, ndipo anauza Rodrick kuti pamchenga paja achepetse liwiro.